Bwalo la Mafunso M'kalasi: Ana a ku Kafue ndi Luso Lopereka Zifukwa

Ukachoka ku Lusaka kulowera kummwera, pa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone, umafika ku Kafue utayenda makilomita pafupifupi 45. Njanji inadutsa pano kalekale, ndipo mlatho wake wautali wowoloka mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906. Koma Kafue wa machumuni ndi mashifiti anabadwa dziko litalandira kale ufulu. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi boma mu 1965, Zambia inaona kuopsa kodalira katundu wochokera kummwera. Choncho boma la Kenneth Kaunda, kudzera m'kampani yake ya INDECO, linasankha malo ano, pomwe madzi, njanji ndi msewu zinakumana, kuti pakhale mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970 kuti izipanga feteleza ndi mankhwala opangira zophulitsira miyala m'migodi. Kafue Textiles of Zambia inkaluka ndi kudinda nsalu. Panalinso fakitale yofufuta zikopa ndi ina ya yisiti, ndipo antchito anawamangira nyumba ku Kafue Estates.

Mu 1991 boma linasintha. Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD anamasula malonda n'kuyamba kugulitsa makampani a boma. Zovala za kaunjika, zimene ku Zambia amati salaula, zinadzaza misika. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka makina ake anaima m'zaka za m'ma 2000, pomwe ya feteleza inatsala ikuyenda chotsimphina. Pambuyo pake kunabwera fakitale yosungunula zitsulo ya gulu la Trade Kings, ndipo malole odzaza zitsulo zakutha anayamba kuoneka m'misewu ya kumafakitale.

Mwana wokulira m'tauni yotere amamva mikangano ya akuluakulu asanadziwe n'kuwerenga komwe. Agogo amene ankagwira ntchito pa makina oluka amati salaula ndiye anapha Kafue. Azakhali amene amagulira mwanayo yunifomu ndi ndalama ya salaula amati pakanapanda mabelo, anthu akanafa ndi usiwa. Msodzi amadandaula za madzi a mumtsinje, wa pafakitale n'kumuyankha kuti iyenso ali ndi ana ofuna kudya. Mafunso amenewa alibe yankho kumapeto kwa buku la aphunzitsi, n'chifukwa chake sukulu zambiri zimawasiya kunja kwa mpanda. Koma ilipo njira ya kaphunzitsidwe imene imawalowetsa m'kalasi mwadala, pokhulupirira kuti mwana amaphunzira kulingalira akamafunsidwa ndi anzake kuti "chifukwa chiyani?" pa nkhani imene ngakhale akuluakulu sanaimalize.

Nthano ya mnyamata amene anayankha molakwa

Njirayi inayambira ku America. Matthew Lipman, amene anabadwa mu 1923 n'kumwalira mu 2010, ankaphunzitsa filosofi pa yunivesite ya Columbia ku New York. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mu 1968 ophunzira a pa Columbia pomwepo anachita zionetsero zazikulu. Lipman anamvetsera mikangano ya masiku amenewo n'kuona kuti anthu ophunzira kwambiri, ana ndi akuluakulu omwe, anali ndi ukali wochuluka koma zifukwa zosalumikizana. Anatsimikiza mumtima kuti kuyamba kuphunzitsa munthu kalingaliridwe atafika kale ku yunivesite n'kuchedwa.

Sanalembe buku la malamulo a kaganizidwe. Analemba nthano yotchedwa Harry Stottlemeier's Discovery, ya ana a zaka 11 kapena 12. Imayamba ndi mnyamata Harry ali m'kalasi ya sayansi koma maganizo ali kutali. Aphunzitsi amufunsa za chinthu cha mchira wautali chimene chimazungulira dzuwa. Iye akumbukira kuti anamva zoti mapulaneti onse amazungulira dzuwa, ndiye ayankha kuti ndi pulaneti. Kalasi yonse iphulika ndi phwete, pakuti funsolo linali la nyenyezi ya mchira ija ya Halley. Pobwerera kunyumba Harry azindikira pamene anaphonya: mawu oyamba ndi "onse" satembenuzika. Mbuzi zonse ndi nyama, koma si nyama zonse zimene zili mbuzi. Akondwa kuti wapeza lamulo, koma mnzake Lisa amubweretsera chitsanzo chimene lamulolo silikugwirapo. Mawu okana amatembenuzika bwinobwino: ngati palibe nkhuku imene ili mbuzi, palibenso mbuzi imene ili nkhuku. Izi katswiri wa filosofi Aristotle anazilongosola zaka zoposa 2,300 zapitazo. Chimene Lipman anachita n'chakuti m'nthano yake lamulolo walipeza ndi mwana, ndipo wolikonza ndi mwana mnzake.

Anayesa nthanoyi ndi ana a sukulu ina ku Montclair, m'chigawo cha New Jersey, mu 1970. Mu 1974 iye ndi Ann Margaret Sharp anakhazikitsa bungwe la Institute for the Advancement of Philosophy for Children pa koleji ya Montclair State. Maziko ake anawatenga kwa Charles Sanders Peirce ndi John Dewey, amene ankaphunzitsa kuti choona chimafufuzidwa ndi gulu la anthu okonzana zolakwa, osati munthu mmodzi wodzitsekera m'chipinda. Mu 1990 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa ana aang'ono akuchita zimenezi, ndipo mu 1992 aphunzitsi a ku Britain anayambitsa bungwe lawo la SAPERE. Ku South Africa njirayi inafalitsidwa ndi anthu monga Karin Murris, amene ankagwiritsa ntchito mabuku a zithunzi m'malo mwa nthano za Lipman.

Otsutsa analipo kuyambira pachiyambi. Ambiri anali atawerenga zolemba za katswiri wa kakulidwe ka ana Jean Piaget n'kumva kuti mwana wosakwana zaka 11 kapena 12 sangalingalire zinthu zosaoneka ndi maso. Gareth Matthews anawayankha mu 1980 ndi buku lodzaza mafunso amene ana aang'ono amafunsa okha. Kholo lililonse limene linafunsidwapo ndi kamwana ka zaka zinayi kuti "nanga Mulungu anamulenga ndani?" likudziwa mbali imene ili ndi umboni.

Chitenje ndi malaya a salaula

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Ana amakhala mozungulira, aliyense akuona nkhope ya mnzake. Mphunzitsi amabweretsa chinthu chodzutsa mafunso: nthano, chithunzi, mwambi, nkhani ya m'nyuzipepala. Ana amayamba akhala chete pang'ono, kenako m'timagulu amapanga mafunso awo, amalemba pabolodi, n'kusankhapo limodzi, kawirikawiri povota. Funso ndi la ana, osati la mphunzitsi, ndipo pamenepa pagona kusiyana kwakukulu ndi phunziro la masiku onse. M'masabata oyamba ana amafunsa mafunso ofuna kungofufuza m'buku, monga chaka chimene fakitale inatsekedwa. Pamatenga nthawi kuti azindikire mtundu wina wa funso, limene anthu awiri anzeru odziwa mbiri yonse angasiyanebe maganizo.

Tiyerekeze kalasi ya giredi 6 ku Kafue. Aphunzitsi ayala patebulo chitenje chakale chodindidwa m'tauni momwemo, pambali pake malaya ogulidwa pa salaula, n'kufotokoza mwachidule mbiri ya zonse ziwiri. Ana asankha funso lakuti: fakitale ikatsekedwa chifukwa anthu akugula zotchipa, wolakwa ndani?

Mnyamata wina ayamba. "Olakwa ndi ogulitsa salaula. Salaula atangobwera, fakitale inatsekedwa."

Aphunzitsi savomera, sakananso. "Alipo amene akuona mosiyana?"

"Ine sindikugwirizana naye, aphunzitsi," atero mtsikana wina. "Mng'ono wanga anabadwa usiku, m'mawa mwake mvula inagwa. Ndiye kuti anagwetsa mvula ndi iyeyo?"

Kalasi iseka. Aphunzitsi adikira phokoso lithe. "Chitsanzo chakochi chikutiuza chiyani?"

"Kuti chinthu chikabwera pambuyo pa chinzake, sindiye kuti chinzakecho ndicho chachititsa."

Mnyamata uja sagonja. "Koma mwana ndi mvula n'zosakhudzana. Salaula ndi nsalu zonse ndi zovala, ndipo ndalama m'thumba mwa munthu ndi imodzi. Akagula ichi, icho sagula."

Taonani zimene zachitika. Poyamba mnyamatayu anangonena kuti ichi chinabwera, icho chinatsatira. Atapanikizidwa, wasonyeza njira imene chimodzi chingachititsire chinzake, ndiponso waloza pamene chitsanzo cha mnzake chikuperewera. Mfundo yake tsopano ndi yolimba kuposa mmene inalili, ndipo wailimbitsa ndi amene anamutsutsa. Wina afunsa ngati panalibe zifukwa zina, makina okalamba kapena nsalu zatsopano zotchipa zochokera kunja. Apa aphunzitsi anena poyera kuti limeneli ndi funso la mbiri, lofuna kukafufuza kwa anthu amene anagwirako ntchito, ndipo alilemba pambali. Kenako mwana wina amene wakhala chete nthawi yonseyi afunsa kuti, "Ngakhale zitakhala zoona kuti salaula ndiye anachititsa, kodi wochititsa chinthu ndi wolakwa nthawi zonse?" Apereka chitsanzo cha munthu amene watsegula golosale pafupi ndi ya mnzake, makasitomala n'kusamukira kwa iye. Wachititsa kuti mnzake aluze, inde. Nanga walakwa? Belu likamalira, kalasi yagawikana pa funso latsopanoli, losiyana ndi limene inayamba nalo.

Palibe amene wapambana, ndipo apa m'pamene njirayi imasiyana ndi dibeti imene sukulu zathu zambiri zimaidziwa. Pa dibeti mwana amapatsidwa mbali, ntchito yake n'kuiteteza mpaka mapeto, ndipo kuvomera kuti mnzako wanena zoona n'kuluza mapointi. Dibeti imaphunzitsa kulimba mtima ndi kusalala kwa pakamwa, zinthu zofunika ndithu, koma imazolowezanso mwana kubisa pamene mfundo yake ikudontha. Pabwalo la mafunso, mwana amene wanena kuti "ndasintha maganizo chifukwa cha zimene wanena mnzangayu" ndiye wachita chinthu chovuta kwambiri pa tsikulo.

Kwa ophunzira a kusekondale, mtsinje wokha ndi wokwanira temu yathunthu. Kafue amayambira kumpoto, amadutsa m'dera la migodi la Copperbelt, amathirira nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka, amamwetsa mzinda wa Lusaka kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda, kenako amazungulitsa makina a magetsi ku Kafue Gorge. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni anaphimba madzi pafupi ndi milatho ya ku Kafue, atanenepa ndi zotsalira za feteleza ndi zonyansa zolowa mumtsinje. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Sayansi ingayeze kuchuluka kwa asidi ndi zitsulo m'madzimo. Singanene kuti mtsinje ndi wa yani, kapena ngati ndalama ingalipire munda umene sudzaberekanso kwa zaka, kapena ngati ana osabadwa ali ndi gawo pa mlanduwo. Mafunso amenewo ndi a filosofi, ndipo mwana wa msodzi ali ndi zonena pa iwo zimene mwana wa injiniya sanaganizepo.

Ntchito ya mphunzitsi

Wina angaganize kuti mphunzitsi akupuma pa phunziro lotere. Ayi ndithu, ndi pomwe amatopa kwambiri. Choyamba ayenera kuphunzira kudikira. Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro a sayansi ku America, anajambula mawu m'makalasi ambiri n'kupeza, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kudziyankha okha. Atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana ambiri anayamba kuyankha, ndipo ena anayamba kupereka zifukwa osafunsidwa. Masekondi atatu akuoneka ochepa papepala. Kutsogolo kwa kalasi imene yangoti zii ndi aatali zedi.

Chachiwiri n'kumeza yankho lako. Ana ndi akatswiri powerenga nkhope ya mphunzitsi. Akangoona kumwetulira pa yankho lina, onse amathamangira komweko, kufufuza n'kuthera pomwepo. Mphunzitsi amatsala ndi mafunso ochepa amene amabwereza mpaka ana atawatola: ukudziwa bwanji? Ungatipatse chitsanzo? Kodi zimenezi n'zoona nthawi zonse, kapena nthawi zina? Zikugwirizana ndi zimene unanena poyamba? Katswiri wa ku Russia Lev Vygotsky ankati zimene mwana amayamba kuchita pamodzi ndi anzake, pambuyo pake amazichita yekha m'mutu. Mwana amene wafunsidwa kambirimbiri kuti "ukudziwa bwanji?" tsiku lina amadzifunsa yekha asanatsegule pakamwa, kapena asanatumize uthenga wabodza umene walandira pa WhatsApp.

Pali msampha umene aphunzitsi a mtima wabwino amagweramo. Poopa kukhumudwitsa ana, amalandira chilichonse: wanena uyu, muombereni m'manja, wanena uyo zotsutsana ndi woyamba, nayenso muombereni m'manja, aliyense ali ndi maganizo ake. Kumeneko n'kucheza chabe, ndipo kumaphunzitsa ana chinthu choipa, chakuti zifukwa zilibe ntchito. Funso likhoza kukhala lopanda yankho limodzi koma mayankho ena n'kukhala ofooka kuposa anzake. Mwana akanena kuti anthu onse a mtundu wakutiwakuti ndi akuba chifukwa wakuba amene anagwidwa pamsika anali wa mtunduwo, mphunzitsi sayenera kungogwedeza mutu. Ayenera kufunsa kalasi ngati munthu mmodzi angaimire onse, ndipo kalasi imene inasewerapo ndi mbuzi ndi nyama zija imagwira cholakwacho msanga. Mphunzitsi sasankhira ana mbali, koma salekerera kulingalira kopotoka.

Kodi si kuphunzitsa ana mwano?

Funso limeneli makolo amafunsa, ndipo si lopusa. Kwathu mwana wabwino ndi womvera. Wamkulu akamayankhula mwana sayankha, ndipo "chifukwa chiyani?" wochoka pakamwa pa mwana kupita kwa bambo ake amamveka ngati kuderera. Ngakhale Socrates, amene a filosofi amamutenga ngati kholo la kufunsa kotere, anaphedwa ku Athens mu 399 BC pa mlandu womwewu, wosokoneza achinyamata.

Mbiri ya ndale inawonjezerapo. Boma lomwe linamanga mafakitale a ku Kafue linapatsanso dziko filosofi yake. Mu 1967 Kaunda analengeza Humanism, chiphunzitso choika munthu patsogolo pa chuma. Munali mfundo zabwino, koma m'kalasi chinafika ngati yankho lomalizidwa kale, loti mwana aloweze, makamaka dziko litakhala la chipani chimodzi kumapeto kwa 1972. Ku Malawi ana ankaloweza ngodya zinayi za Kamuzu Banda: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. M'maiko onse awiri, kwa zaka zambiri, kufunsa mafunso ochuluka kunkatha kumuika munthu m'mavuto. Chizolowezi chotere sichitha tsiku limene malamulo asintha.

Komabe n'kulakwa kunena kuti kukambirana mofufuza n'kwachilendo kwa ife. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mbali zonse zisanamveke. Nduna zimafunsa, mboni zimapanikizidwa, mwambi umayankhidwa ndi mwambi unzake, ndipo mfumu imayankhula pomaliza, itamva onse. Kumphala anyamata ankamvetsera zonsezi manja ali pa ntchito. Zilipo nthano zimene zimathera pa funso: munthu ali m'bwato ndi mayi ake, mkazi wake ndi apongozi ake, bwato lagubuduka, angathe kupulumutsa mmodzi yekha, apulumutse yani? William Bascom anasonkhanitsa nthano zambirimbiri za mtundu umenewu kuchokera m'maiko a mu Africa n'kuzisindikiza mu 1975. Wofotokoza nthano yotere sapereka yankho, amasiyira omvera kuti alimbane. Ku Kenya, Henry Odera Oruka anayendera nkhalamba za m'midzi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo anapeza kuti pakati pa odziwa miyambo pali ena amene amaiyesa miyamboyo pa sikelo, n'kukana ina popereka zifukwa.

Tisakometsere mopitirira. Pabwalo ana sayankhula, ndipo mawu a munthu amalemera molingana ndi msinkhu ndi udindo wake. Cholinga cha bwalo n'kuyanjanitsa anthu amene mawa adzakumana pamaliro ndi pachitsime, choncho nthawi zina choona chimagonjera mtendere. Kalasi ya mafunso ikhoza kutha osagwirizana, ndipo mtsikana wamng'ono pa onse ali ndi ufulu wotsutsa mnyamata wamkulu. Chimene mphunzitsi angabwereke kubwalo ndi ulemu wa kayankhulidwe, kumvetsera mpaka munthu amalize, ndi khalidwe la mfumu lija losafulumira kuulula mbali yake.

Kafukufuku wa Robert Serpell amathandiza pa nkhaniyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 iye anagwira ntchito m'midzi ya Achewa m'boma la Katete, akufunsa akuluakulu kuti pa ana amene amawadziwa angatume uti pa ntchito yakutiyakuti yosazolowereka, ndiponso chifukwa chake. Zotsatira zake zili m'buku la The Significance of Schooling la 1993. Anapeza kuti kwa akuluakuluwo mwana wanzeru ndi amene ali wochenjera komanso wotumikira, womva ndi wokhulupirika. Kuchenjera kopanda udindo ankakuona ngati kwa Kalulu wa m'nthano, kodabwitsa koma koopsa. Makolo akamaopa mwano, kwenikweni akuopa kuchenjera kotereku, ndipo akulondola. Lipman nayenso m'zaka zake zakumapeto ankanena kuti kulingalira kosanthula kuyenera kuyenda limodzi ndi kulingalira kosamala za ena. M'kalasi yoyendetsedwa bwino mwana saloledwa kutsutsa mnzake asanasonyeze kuti wamumva. Ayambe wabwereza mfundo ya mnzakeyo mpaka mwini wake avomere kuti ndi zimene amatanthauza. Mwana wamwano zimenezi zimamukanika.

Nanga umboni ukuti chiyani?

Ku Clackmannanshire, ku Scotland, Keith Topping ndi Steve Trickey anatsatira ana a zaka 10 mpaka 12 amene ankachita phunziro lotere ola limodzi pa sabata kwa miyezi 16. Mu 2007 analemba kuti anawo anakwera pa mayeso oyeza luso la kuganiza kuposa anzawo amene sanachite nawo, ndipo patapita zaka ziwiri, ali kusekondale, phindulo linali lisanathe. Ku England bungwe la Education Endowment Foundation linayesa njirayi m'sukulu 48 ndi ana oposa 3,000. Lipoti la 2015, lolembedwa ndi ofufuza a yunivesite ya Durham, linati anawo anatsogola ndi miyezi iwiri pa kuwerenga ndi masamu, ndipo ochokera m'mabanja osauka anapindula koposa. Nkhaniyi inafala kwambiri. Imene sinafale mofanana ndi ya kafukufuku wachiwiri, wamkulu kuposa woyamba, wa m'sukulu 198, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Ameneyu sanapeze kusiyana pa magiredi a kuwerenga ndi masamu.

Choncho amene angalonjeze mphunzitsi wamkulu kuti filosofi ikweza chiwerengero cha okhoza mayeso akulonjeza zimene umboni sunatsimikize. Chimene kafukufuku wachiwiriyo akusonyezanso n'chakuti nthawi imene inapita ku zokambiranazi sinagwetse magiredi. Kwa ine zimenezi n'zokwanira. Sitiphunzitsa ana kusiyanitsa umboni ndi mphekesera kuti akhoze masamu. Timawaphunzitsa chifukwa adzavota, adzasaina mapangano a ngongole, adzamva malonjezo a makampani ndi a andale, ndipo ena adzakhala pa mipando yogamula za mtsinje umene anzawo amamwa.

Kalasi yodzaza, ndi chiyankhulo

Kafukufuku yenseyu anachitikira m'makalasi a ana 25 kapena 30. Kuyambira mu January 2022, boma la Hakainde Hichilema litachotsa fizi m'sukulu za boma, ana ambiri anabwerera kusukulu, ndipo ngakhale chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, makalasi ambiri a m'matauni ndi othithikana. Ku Malawi zinachitikanso chimodzimodzi pulayimale itakhala yaulere mu 1994. Ana 80 sangakhale bwalo limodzi n'kumvana. Njira imene imathandiza ndi ya mabwalo awiri: ana khumi ndi angapo akhale pakati n'kumakambirana, otsalawo awazungulire ali ndi ntchito yoti achite. Ena awerenge kuti ndi kangati pamene munthu wapereka chifukwa, ena agwire zitsanzo, ena asake funso limene palibe walifunsa. Pakati pakhale mpando umodzi wopanda munthu, woti wakunja amene mfundo yamuyabwa akhalepo, anene, n'kubwerera. Sabata yotsatira asinthane. Pansi pa mtengo zimayenda bwino kuposa m'chipinda chodzaza madesiki.

Malo pa ndandanda ya maphunziro alipo kale. Silabasi yatsopano ya Zambia, imene inakonzedwa mu 2023 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2025, imatchula kulingalira mosanthula pakati pa maluso amene mwana ayenera kutuluka nawo. Piriyodi imodzi pa sabata ya phunziro la za nzika, la chipembedzo kapena la Chinyanja ingakwane. Chovuta n'chakuti mphunzitsi amayesedwa ndi zotsatira za mayeso, ndipo temu ikamatha silabasi isanathe, choyamba kutayidwa ndi chimene sichibwera pa pepala.

Nkhani za pafupi ndi kwawo zilinso ndi minga yake. M'kalasi ija ya salaula muli mwana amene mayi ake amagulitsa salaula ndi wina amene agogo ake anachotsedwa ntchito. Mphunzitsi wanzeru amaletsa kutchula maina a anthu, ndipo akaona kuti nkhani yafika pa bala, amaisamutsira m'nthano ya mudzi wongopeka, momwe mfundo ndi zomwezo koma palibe amene akulozedwa chala.

Chotsala ndi chiyankhulo. Mafakitale anakoka anthu kuchokera m'zigawo zonse za Zambia, kotero m'kalasi imodzi ku Kafue mumapezeka ana olankhula Chinyanja cha m'tauni, Chitonga, Chibemba ndi Chilozi, pomwe mayeso akuluakulu amalembedwa m'Chingerezi. Mwana akakakamizidwa kulingalira m'chiyankhulo chimene sanachigwire bwino, amachita chimodzi mwa ziwiri: amakhala chete, kapena amabwereza chiganizo chimene analoweza. Kulingalira kumayenda pa timawu ting'onoting'ono monga chifukwa, koma, pokhapokha, ena, onse, ngati zili choncho ndiye kuti, ndipo mwana wa zaka khumi amatigwiritsa ntchito mwaluso m'chiyankhulo cha kunyumba akamakangana ndi mkulu wake za amene atsuke mbale. Mphunzitsi amene akufuna kumva mmene mwanayo amaganizira amulole anene m'chiyankhulo chimenecho, mnzake amasulire kalasi, mwini mawu avomere kapena akonze. Chingerezi chibwere pomaliza, polemba m'kope mfundo imene yayesedwa kale ndi pakamwa.